Lucerne: kwawo n'kuti, ndipo n'chifukwa chiyani duwa lake limamenya njuchi?

FUNSO: Ndimaweta ng'ombe za mkaka. Mwana wanga amene amagwira ntchito pa famu ku South Africa sasiya kutamanda chakudya cha ziweto chotchedwa lucerne, ndipo akuti chinachokera ku Switzerland, kumzinda wa dzina lomwelo. Kodi n'zoona? Nanga mbewu zake zamakono amazipanga bwanji? Ndine mlimi wa ku Bvumbwe.

YANKHO: Bambo, pa zakuti ndi chakudya chabwino mwana wanuyo sananame. Koma za ku Switzerland zija n'za m'maluwa, ngakhale zimakambidwa ndi anthu ovala mataye. Akavalo ankadya kale lucerne mzinda wa Lucerne usanamangidwe n'komwe, ndipo zaka zapakati pake zimaposa 1,000.

Lucerne, amene ku America amati alfalfa, si udzu, ngakhale amamumweta ndi kumuumitsa ngati udzu. Ndi wa banja la nyemba, nandolo ndi mtedza, ndipo kumizu kwake kuli timibulu momwe mumakhala mabakiteriya otenga nayitrojeni mumpweya. Kwawo ndi chigawo cha Iran ndi maiko oyandikana nacho, komwe anayamba kulimidwa zaka zikwi zingapo zapitazo, makamaka podyetsa akavalo ankhondo. Pliny, wolemba mabuku wa ku Rome, anati mbewuyi inalowa ku Greece pa nkhondo za mfumu Darius ya ku Persia, cha m'ma 490 Yesu asanabadwe. Ku China inafika mu ulamuliro wa mfumu Wu, imene inkasirira akavalo a ku Ferghana. Nthumwi zake zinabwera ndi mbewu ya lucerne pamodzi ndi mphesa. Anthu a ku Spain anapita nayo ku Mexico, Peru ndi Chile m'zaka za m'ma 1500, ndipo cha m'ma 1850 inachoka ku Chile kupita ku California. Ku South Africa komwe kuli mwana wanuko inatchuka m'zaka za m'ma 1800 ku Oudtshoorn, komwe inkanenepetsa nthiwatiwa zoweta chifukwa cha nthenga zokongoletsera zipewa za azimayi a ku Europe.

Za mbewu zamakono, musafulumire kuganiza za akatswiri ovala makhoti oyera. M'chaka cha 1857 mlimi wa ku Germany, Wendelin Grimm, anasamukira ku Minnesota ndi kathumba ka mbewu ya kwawo. Kumeneko chisanu chimauma mpaka dothi kulimba, ndipo lucerne wake wambiri ankafa. Iye ankangotola mbewu pa zomera zopulumuka n'kudzalanso, chaka ndi chaka. Anamwalira mu 1890 mbiri yake isanapite patali, koma mbewu yotchedwa Grimm ndi imene inatsegula njira yolima lucerne m'madera ozizira a kumpoto kwa America. Akatswiri a lero amachita zomwezo mwadongosolo. Amadzala zomera zikwizikwi, kuzipatsira dala matenda kapena nsabwe za m'masamba, kusankha zolimba n'kuzisiya zikwatirane. Lucerne akakwatirana pachibale amafooka msanga, choncho mtundu uliwonse umachokera kwa makolo ambiri, ndipo m'munda umodzi zomera zake sizifanana ndendende.

Tsopano apa ndi pamene pali nkhani yanga, ndipo owerenga akale a tsamba lino akudziwa kuti pakatchulidwa njuchi sindigwirika.

Kuti zomerazo zikwatirane pamafunika wonyamula mungu, koma duwa la lucerne ndi laukali. Ziwalo zake zoberekera, chachimuna ndi chachikazi, zimakhala zopanikizidwa m'kati mwa timasamba tiwiri ta m'munsi mwa duwa, zokungika ngati msampha wa mbewa. Njuchi ikatera n'kulowetsa mutu kuti imwe timadzi totsekemera, timasambato timatseguka, chiwalocho n'kufwamphuka, n'kuimenya kumutu, phaa! Pomwepo imapakidwa mungu watsopano, ndipo mungu umene yabwera nawo kuchokera ku duwa lina umatsala. Duwa lililonse limafwamphuka kamodzi kokha, ndipo limene silinafwamphuke kawirikawiri limayoyoka osabereka.

Njuchi yathu ya uchi, imene timaitama kuti ndi yakhama, sikondwera nako kumenyedwako. Ikalawa kangapo imachenjera: imatera chammbali, n'kulowetsa lilime pampata, kuyamwa timadzito n'kuuluka, duwa lili chitsekere. Mlimi amaona munda uli ng'ung'ung'u ndi njuchi, mng'oma ukudzaza uchi, koma mbewu yochepa. Ine ndimati kumeneku ndi kuba, ngakhale alimi a njuchi andikwiyire. Ku California njuchi za uchizi amazigwiritsabe ntchito, koma pamafunika ming'oma yochuluka.

Amene anapulumutsa ulimi wa mbewuyi ndi kanjuchi kena kochepa thupi, kotchedwa Megachile rotundata. Sikapanga uchi, kalibe mfumukazi, ndipo kakakazi kalikonse kamamanga chisa chakechake m'kabowo. Kamadula tizidutswa ta masamba tozungulira bwinobwino, kuyala m'bowomo, kuikamo mungu wosakaniza ndi timadzi, kuikira dzira limodzi, kutseka ndi masamba ena, n'kuyambanso chipinda china. Popeza chimene kakufuna kwambiri ndi mungu wodyetsa ana, kumenyedwako sikakuthawa. Kwawo ndi ku Europe ndi Asia. Ku America kanangopezeka katafika, cha m'ma 1930 kapena 1940, popanda woitana. Pofika cha m'ma 1960 alimi anali atayamba kukaweta. Amaika m'munda timisasa tokhala ndi matabwa obooledwa mabowo zikwizikwi. Nyengo ikatha amachotsa zikwa za ana n'kuzisunga m'chipinda chozizira, ndipo kukatsala milungu itatu kuti lucerne achite maluwa amazifunditsa pa madigiri pafupifupi 30, kuti tinjuchito tituluke pa nthawi yake. Alimi a ku Canada amatigulitsa ku United States poyeza pa galoni, ndipo galoni imodzi amaiwerengera tinjuchi pafupifupi 10,000.

Ku Touchet, m'chigawo cha Washington, amadalira njuchi ina, Nomia melanderi, imene imakumba zisa m'dothi lonyowa lamchere. Alimi amaikonzera mabwalo, kuyendetsa madzi pansi ndi kuwaza mchere pamwamba. Njuchiyi imauluka chapansipansi podutsa msewu, motero m'nyengo yake pamaikidwa zikwangwani zoti galimoto isapitirire mamailosi 20 pa ola. Ndikanakonda madalaivala a minibasi a msewu wa Limbe kupita ku Thyolo akanakaonako.

Tibwerere ku nkhani ya mbewu. Kuti mitundu yatsopano ya lucerne imafunikadi, a ku Australia anaona okha. Pafupifupi dziko lonse linkadalira mtundu umodzi, Hunter River. Mu 1977 kunafika nsabwe za m'masamba zachilendo ndipo minda inawonongeka koopsa, mpaka anathamangira mitundu yopirira yochokera ku America, monga CUF 101 wa ku California.

Mukafuna kuyesa pa Bvumbwe, uzani mwana wanuyo kuti asangogula mbewu iliyonse. Mitundu ya gulu la Grimm imagona masiku akafupika ndi kuzizira, pamene kuno mukufuna mtundu wosagona, wophukira chaka chonse mukamathirira. Lucerne amadana ndi dothi la asidi komanso lodikha madzi, choncho yezetsani dothi kudzera kwa alangizi, thirani laimu ngati pakufunika, ndipo mbewuyo muipake mabakiteriya ake musanafese. Ng'ombe yanjala ikadya lucerne wambiri wamuwisi imatupa mimba ndipo ikhoza kufa tsiku lomwelo. Mumwete, afote kaye kapena aume, ndipo muzipatsa pang'onopang'ono pamodzi ndi nsenjere ndi madeya amene mukudyetsa kale.