KAMTENGO KA PA PADI: MBIRI YA UKONDE NDI NKHAFI ZOBISALA MU GEMU

Lero tikambe mbiri ya kanthu kakang'ono kamene ana athu akukagwira tsiku ndi tsiku m'mashopu a gemu, ife akuluakulu n'kumangoti akutaya nthawi. Ndikunena timitengo tiwiri ta pa padi ya PlayStation, tija anyamata amati analogi. Werengani mpaka pansi, mukatero mudzaweruze nokha.

Kale padi inali ya mabatani okhaokha. Batani limadziwa zinthu ziwiri basi: wadina kapena sunadine. Analogi ndi yosiyana, imamva kuti wakankha pang'ono kapena kwambiri, ndiponso wakankhira mbali iti. Ili ngati nkhafi m'manja mwa mlovi: ukapalasa mofatsa bwato limayenda mofatsa, ukaikapo mphamvu limathamanga. Kampani ya Atari inayesapo mu 1982 pa makina a Atari 5200, koma kamtengo kake ukakasiya sikankabwerera pakati, anthu n'kudandaula. Zinadzagwira msewu mu 1996 pamene Nintendo inatulutsa Nintendo 64 ndi gemu ya Super Mario 64. Chaka chotsatira, 1997, Sony inabweretsa padi ya timitengo tiwiri, ndipo DualShock inatuluka chaka chomwecho.

Apa funso linali lakuti, kamtengo kachiwirika n'kantchito yanji? Lero tinazolowera kuti kakumanzere n'koyendera, kakumanja n'koyang'anira uku ndi uku. Koma poyamba panalibe lamulo limeneli, aliyense ankayesa nzeru zake. Ndipo chimene chimandisangalatsa n'chakuti ena mwa oyamba anakatenga nzeru ku ntchito ngati zathu zakunyanjazi.

Mu 1999 Sony inatulutsa Ape Escape, gemu yoyamba pa PlayStation imene sinkaseweredwa popanda timitengo tiwiri. Mnyamata wa mu gemuyo amagwira anyani ndi ukonde. Kuti uponye ukondewo sudina batani ayi, umakankha kamtengo kakumanja kulowera kumene kuli nyaniyo. Ukakwera bwato, kamtengo kalikonse kamasanduka nkhafi yake. Ukazunguza kamodzi kokha bwato limangozungulira pomwepo. Mwana wa ku Malembo kapena ku Malombe sangafune womufotokozera zimenezi, anabadwa nazo.

Komatu si zonse zinayenda bwino. Mu Mario Party, imene inatuluka ku Japan kumapeto kwa 1998, munali timipikisano tokokana chingwe ndi topalasa, tofuna kuti uzunguze kamtengo mwaliwiro. Osewera anaona kuti chala chachikulu chikuchedwa, ndiye anayamba kupekesa ndi chikhatho. Zotsatira zake matuza ndi zilonda, ngati a munthu amene wakoka khoka koyamba. Nkhani inafika kwa loya wamkulu wa boma la New York ku America, ndipo mu 2000 Nintendo inavomera kupereka magolovesi kwa amene anagula gemuyo. Taganizani, gemu ya ana mpaka magolovesi!

Zaka zotsatira anthu anapitiriza kuyesa. Mu 2004 Keita Takahashi wa ku Namco anapanga Katamari Damacy, momwe umagubuduza chimpira ndi timitengo tonse tiwiri ngati ukukankha wilibala ndi manja awiri. Chaka chomwecho Fight Night 2004 inaika nkhonya pa kamtengo kakumanja: mmene wakapindira ndi mmenenso chibakera chitulukire. Ngakhale mu FIFA imene anyamata athu amaikonda, zenga zambiri zimachokera pa kamtengo kakumanja komweko.

Koma imene imandikhudza mtima ndi ya 2013, Brothers: A Tale of Two Sons, ya Josef Fares, wobadwira ku Lebanon amene anakulira ku Sweden. Munthu mmodzi amayendetsa ana awiri apachibale nthawi imodzi: dzanja lamanzere ndi mkulu, lamanja ndi mng'ono. Mayi awo anamira m'madzi wamng'onoyo akuona, ndiye iye amaopa madzi, powoloka amakakamira kumsana kwa mkulu wake. Bambo awo adwala, awiriwa anyamuka kukafuna mankhwala. Chakumapeto mkulu uja amwalira, ndipo dzanja lako lamanzere limangokhala lopanda ntchito. Kenako wamng'ono afika pamadzi ali yekha. Ukadina batani lake iyeyo, akukana kulowa. Mpaka udine batani la malemu mkulu wake, m'pamene amalimba mtima n'kusambira. Palibe mawu ofotokoza, manja ako okha ndi amene amakuuza kuti wapita uja sanachoke yense. Ife amene tinaikapo abale chifukwa cha mwera tikudziwa tanthauzo lake. Chilimira sakoka ndi bwato limodzi, ndipo mnzako akachoka mbali yake imalemera.

Mwina mukuti, zonsezi zikutikhudza bwanji kuno? Timitengo tomweti tinatuluka mu gemu n'kulowa pantchito zenizeni. Sitima yankhondo ya pansi pa madzi ya America, USS Colorado, imene inayamba ntchito mu 2018, imagwiritsa padi ya Xbox poyendetsa chida chosuzumirira pamwamba pa madzi. Kwathu konkuno, mu 2017 boma pamodzi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe. Rimoti ya ma drone ambiri ili ndi timitengo tiwiri: kena kokwezera, kutsitsa ndi kutembenuza, kena kopititsa kutsogolo ndi m'mbali. Zala zimene zazolowera padi sizivutika kwambiri pamenepo.

Sindikunena kuti mwana athawe sukulu kapena madrasa n'kukagona kushopu ya gemu, iyayi. Ndalama ya ndiwo ikathera pa FIFA ndi mlandu ndithu, ndipo zala zokha popanda masamu ndi Chingerezi sizingamufikitse ku sukulu ya ma drone ija. Koma nsomba zikuchepa, chambo cha ku Malombe tonse tikudziwa mmene chinathera, ndipo si mwana aliyense adzadye za ukonde ngati makolo athu. Ndiye mukamuona ali ndi padi m'manja, musangokalipa. Muikireni nthawi, kenako mufunseni kuti kamtengoka kakugwira ntchito bwanji, nanga iyeyo akanakhala wopanga gemu akanakapatsa ntchito yanji. Anzathu akunja anaika ukonde ndi nkhafi mu gemu n'kugulitsa dziko lonse, pamene eni ake a ukonde ndi nkhafi tili pompano.

Tumizaniko ku gulu la makolo ndi la achinyamata.