Mbiri ya Nyengo ya Adventi

Caka ndi caka, pamene tsiku la Krisimasi liri kuyandikira, Akristu a mipingo yambiri amasunga nyengo yochedwa Adventi. Dzinali licokera ku mau a Cilatini akuti adventus, ndiko kunena kuti kufika. Aroma akale ankachula mau amenewa pamene mfumu yao inali kudza kudzaona mzinda. Tsono Akristu anawatenga ponena za kudza kwa Yesu Kristu.

Pa zaka zoyamba za Mpingo nyengoyi kunalibe, pakuti ngakhale Krisimasi yomwe inali isanayambe kusungidwa. Zolembedwa zakale zisonyeza kuti m'caka ca 336 Akristu a ku Roma anali kukumbukira kubadwa kwa Yesu pa 25 Disembala. Phwandolo litakhazikika, akulu a Mpingo anaona kuti si bwino kulifikira modzidzimuka, monga munthu wolowa m'nyumba ya mfumu ndi mapazi amatope.

M'caka ca 380 mabishopo anasonkhana ku Saragossa, m'dziko la Spain, nalamula kuti kuyambira pa 17 Disembala kufikira pa 6 Januwale anthu adzisonkhana ku mapemphero tsiku ndi tsiku. Zitapita zaka ngati 100, Bishopo Perpetuus wa ku Tours, m'dziko limene lero tilicha France, analamula anthu ake kusala kudya masiku atatu pa mlungu uli wonse, kuyambira pa 11 Novembala kufikira Krisimasi. Msonkhano wa ku Mâcon wa m'caka ca 581 unachula masikuwo kuti ndiwo Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu. Kumeneko Adventi inali nyengo ya kulapa, yokhala milungu isanu ndi umodzi.

Ku Roma zinayenda mosiyana pang'ono. Nyengoyi anaifupikitsa kuti ikhale ndi masiku a Mulungu anai, ndipo mtima wake unali kudikira mokondwa. Papa Gregory Wamkulu, amene anatsogolera Mpingo kuyambira 590 kufikira 604, anasiya maulaliki a nyengoyi amene alipo kufikira lero. M'kupita kwa nthawi miyambo iwiriyi inakomana monga mitsinje iwiri yothira m'dziwe limodzi. Ndico cifukwa cake ansembe amabvala zobvala za cibakuwa, zosonyeza kulapa, pamene nyimbo zake ziri za ciyembekezo. Mipingo ya Kum'mawa yokha isungabe kusala kwa masiku 40, kuyambira pa 15 Novembala.

Nanga Akristu adikiranji, popeza Yesu anabadwa kale? Bernard wa ku Clairvaux, amene anamwalira m'caka ca 1153, anayankha funso limeneli. Iye anaphunzitsa kuti kudza kwa Ambuye kuli patatu. Poyamba anadza ku Betelehemu, mofoka, ali khanda. Pomariza adzadza ndi ulemerero kudzaweruza amoyo ndi akufa. Koma pakati pa kudza kuwiriku pali kwina kobisika, kosaoneka ndi maso, ndiko kufika kwake mumtima mwa munthu tsiku liri lonse. Kudza koyamba kunapita, sitingakusinthe. Tsiku la kudza komariza palibe alidziwa. Cimene ciri m'manja mwa munthu ndico kudza kwa pakatiku. Iye amene asunga cidani ndi mbale wake, kapena amana wosauka, watseka citseko, ngakhale aphike mpunga ndi nkhuku pa 25 Disembala.

Mwambo wa makandulo anai unadza pambuyo pake. M'caka ca 1839 Mbusa Johann Hinrich Wichern wa ku Hamburg, m'dziko la Germany, anali kulera ana osauka amene ankafunsa kawirikawiri za tsiku la Krisimasi. Iye anatenga gudumu la ngolo, naimikapo makandulo ang'ono a masiku wamba ndi akulu anai a masiku a Mulungu. Tsiku liri lonse ankayatsa kandulo imodzi yoonjezera, ndipo anawo anaona ndi maso ao kuunika kulikukula.

Ku Ulaya Adventi imagwa m'nyengo ya cisanu ndi mdima. Kwathu kuno imagwa pamene mvula yayamba ndipo mbeu ziri m'nthaka. Mlimi adziwa kuti kudikira dzinthu si kukhala cabe pakhonde. Amabzala, amapalira, nayembekeza. Kudikira kwa Adventi ndi kotero.