Mmene mipingo idadzadzira mu Ndirande

Lamulungu m'mawa ku Ndirande munthu safuna wotchi. Belu la ku parishi ya Katolika ya Holy Ghost likamalira, amayi ovala zitenje za nkhope za oyera mtima amakhala ali kale m'tinjira ta pakati pa nyumba, akudumpha ngalande, ana ali pambuyo. Dzuwa likangokwera pang'ono makwaya a CCAP ku Kachere ndi ku Makata ayamba. Kuseri kwa msika mnyamata wina akulimbana ndi jenereta kuti kiyibodi ndi zokuzira mawu ziyake m'kalasi ya sukulu imene mpingo wake umachitamo lendi, ndipo m'kalasi yoyandikana nayo mpingo winanso ukuyala nsalu yoyera pa tebulo la aphunzitsi. Kumtunda, m'tsinde mwa phiri, ng'oma ya Azioni ikugunda. A Seventh Day adapemphera dzulo, lero akuchapa ndi kutsegula maokala awo.

Ambiri amaganiza kuti kuchuluka kwa mipingoku n'kwa dzana, kobwera ndi aneneri a pa wailesi ya kanema. Mizu yake ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo idayambira pamalo amene munthu wa ku Ndirande amafikapo wapansi.

M'chaka cha 1876 Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, adasankha malo omangapo mishoni pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dera la mfumu ya Chiyao, Kapeni. Mishoniyo adaitcha Blantyre, dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira ku Scotland. Pakati pa 1888 ndi 1891 m'busa David Clement Scott, amene sadaphunzirepo zomangamanga, adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pamodzi ndi amuna a m'midzi yozungulira, amene adaumba ndi kuwotcha njerwa zonse pomwepo. Kwa zaka zoposa 15 belu la Chikhristu m'dera lonseli lidali limodzi lokha.

Amene adasokoneza bata limeneli ndi Joseph Booth, Mngelezi wa Chibaptisti wochokera ku Australia, amene adafika m'chaka cha 1892 ndi mwana wake wamkazi wamng'ono, Emily. Booth sadapite kutali kukafuna anthu amene adali asanamve uthenga. Adamanga msasa ku Mitsidi, pafupi ndi Asikochi omwewo, n'kuyamba kulipira antchito ake ndalama zambiri kuposa za ku mishoni ndi za m'minda ya azungu. Ankabatiza pomiza munthu yense m'madzi, ndiponso mwamsanga, pamene ku mishoni munthu ankakhala zaka m'kalasi asanabatizidwe. Asikochi adakwiya, nati akuwabera nkhosa. Booth mwini adali munthu wosakhazikika: akayamba ntchito pano, posakhalitsa wayambana ndi omutuma, wakayambanso ina kwina. Mishoni ya ku Mitsidi ndiyo lero Zambezi Evangelical Church, ina imene adaiyambitsa ku Likhubula idabala Evangelical Church of Malawi, ndipo malo a ku Thyolo amene adatsegula ndi a Seventh Day Baptist adagulidwa ndi a Adventist mu 1902 n'kudzatchedwa Malamulo. Wantchito wake wa m'nyumba, John Chilembwe, adapita naye ku America mu 1897, ndipo atabwerako mu 1900 adayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Munthu akamawerenga zikwangwani za matchalitchi mumzinda wa Blantyre lero, amapeza kuti zingapo n'zidzukulu za munthu mmodzi wovuta ameneyu.

Akatolika adabwera pambuyo pake. Ansembe a chipani cha Montfort adayamba ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, kenako ku Nguludi, n'kumalowa m'tauni pang'onopang'ono. Asikochi nawo adadzoza abusa oyamba achikuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, mu 1911, ndipo mu 1924 adagwirizana ndi a ku Livingstonia kupanga CCAP, a ku Nkhoma n'kulowamo mu 1926.

Komabe amishoni si amene adadzaza Ndirande ndi mipingo. Adaidzaza ndi anthu ofuna ntchito. M'nthawi ya atsamunda pakati pa tauni padali pa azungu ndi amwenye, ndipo wophika, wolondera, kalaliki ndi wonyamula katundu ankagona kunja, m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo, n'kumalawirira wapansi. Dziko litalandira ufulu, mafakitale adachuluka ku Makata: ya nsalu ya David Whitehead, ya mowa ya Carlsberg imene idatsegulidwa mu 1968, ndi ena. Alomwe a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, Angoni a ku Ntcheu, Ayao a ku Chiradzulu ndi Zomba, Asena a kuchigwa, Atumbuka ndi Atonga a kumpoto, onse adadzapanikizana m'nyumba za lendi za ku Goliyo, Chinseu, Malabada ndi Safarao.

Aliyense wa iwowa ankafika ndi mpingo wake m'chikwama. Mkhristu wa CCAP posamuka kumudzi ankatenga kalata kwa abusa yomuchitira umboni kuti ndi wa mgonero, sadadulidwe, ndipo ankaisunga mkati mwa Buku Lopatulika kuti isanyowe. Mkatolika ankanyamula khadi la ubatizo. Wa Anglican wochokera ku Likoma kapena ku Nkhotakota ankafunsafunsa kumene anzake amasonkhana. Kalata imeneyi idali yamtengo kuposa mmene imaonekera. Munthu wopanda mbale m'tauni akaipereka kwa mkulu wa mpingo, ankapeza womulozera nyumba ya lendi, womunong'oneza kumene akulemba ntchito, ndiponso anthu odzamuimbira tsiku la tsoka. N'chifukwa chake mipingo ikuluikulu idadzigawa m'timagulu ta m'makomo. A CCAP ali ndi milaga, Akatolika ali ndi miphakati, imene ena kummwera kuno amaitcha malimana, ndipo miphakatiyi idakhazikika m'zaka za m'ma 1970 aepiskopi a kum'mawa kwa Africa atagwirizana kuti mpingo uzikumana pamene anthu akukhala. Madzulo ena mkati mwa sabata, anthu khumi kapena makumi awiri amakhala pa mkeka pakhonde pa mnzawo, kuwerenga mawu, kusonkha ya sopo ndi shuga ya wodwala, n'kuuzana yemwe wagonekedwa ku chipatala cha Queens. Mudzi umene anthuwa adausiya adaumanganso pakhondepo.

Mipingo ina idabwera pa msana wa amuna ochokera ku Joni ndi ku Salisbury. Dzina la Wenela, limene lero ndi la pokwerera mabasi, lidachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Ambiri obwerera kumeneko, kuwonjezera pa njinga, jekete ndi wailesi, ankabwera atabatizidwa m'mipingo ya Zioni ndi ya Apostoli, ya mikanjo yoyera, yobiriwira kapena yabuluu, ndodo m'manja, ng'oma ndi kuzungulira povina mpaka Mzimu utagwira munthu. Ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchitoyi, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera kwawo. Akhristu a mipingo ya mishoni ankawayang'ana Azioni ndi diso lonyoza, ati osaphunzira. Koma mayi amene mwana wake akulira usiku wonse osadziwika chomuvuta ankadziwa khomo la mneneri wa Zioni, ngakhale Lamulungu ankavala yunifolomu ya Mvano.

Mpingo umodzi udasowa m'misewu kwa zaka 26. Boma lidaletsa Mboni za Yehova mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani cha Malawi Congress. Ambiri adamenyedwa, kuchotsedwa ntchito ndi kuwotcheredwa nyumba, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Otsala ankakumana mobisa, usiku, zitseko zili zotseka. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Munthu akaona lero amayi awiri a Mboni ataima phee pambali pa msewu ndi timabuku tawo, ayenera kukumbukira kuti makolo awo adalipira mtengo wowawa kuti iwo aime pamenepo.

M'zaka zomwezo za chipani chimodzi, pamene mnyamata sakadayerekeza kutsutsa wamkulu pagulu, mumzinda wa Blantyre mudabuka alaliki achinyamata a kubadwa mwatsopano. Ankalalikira m'misika, m'madepoti, m'mabasi ndi pa nthawi ya nkhomaliro, ena a iwo ali ana asukulu. Katswiri wina wa ku Netherlands, Rijk van Dijk, adakhala nawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kulemba za iwo. Uthenga wawo udali wakuthwa: siyani mowa, fodya ndi chiwerewere, tulutsani zithumwa ndi nyanga ziwotchedwe. Pamsonkhano wa chitsitsimutso mwana wa zaka 18 ankatha kuloza chala agogo a imvi n'kuwauza kuti alape ufiti, chinthu chimene kumudzi sichikadachitika. Ndale sankazikhudza, choncho boma lidawalekerera. Poyamba ambiri adali a CCAP, Anglican kapena Katolika amene ankangopita ku mafelosipu madzulo. Akuluakulu a mipingo yawo atayamba kuwaletsa malilime ndi kuwadula, mafelosipu ena adasanduka mipingo. Living Waters Church, imene Stanley Ndovie adaiyambitsa mumzindawu mu 1985, ndi umodzi mwa imene idakula kwambiri, pambali pa yakale ya Chipentekoste monga Assemblies of God ndi Apostolic Faith Mission. Phiri la Ndirande, limene mitengo yake idatha ndi nkhwangwa, lidapeza ntchito yatsopano: anthu amakwera kukasala kudya ndi kupemphera usiku wonse pakati pa miyala.

Mipingo yakale idaona achinyamata akutuluka, ndipo idasintha. Magitala ndi makiyibodi amene kale ankaoneka ngati a kumowa adalowa m'tchalitchi, mapemphero a Chingelezi a m'mamawa adayamba, makwaya adayamba kujambula nyimbo. Kwaya ya Ndirande Anglican Voices idatchuka dziko lonse, nyimbo zake n'kumamveka m'maminibasi ndi m'maukwati a anthu amene sadapondepo m'tchalitchi cha Anglican.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya aepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi idawerengedwa m'matchalitchi awo onse. Patangotha miyezi iwiri antchito a ku David Whitehead adanyanyala ntchito, zipolowe zidafalikira mumzinda, ndipo apolisi adawombera anthu ambiri. Chaka chomwecho Akatolika, a CCAP, a Anglican ndi Asilamu adakhala pamodzi m'bungwe la Public Affairs Committee kukakambirana ndi boma. Ufulu utabwera mu 1994, kuyambitsa mpingo kudapepuka, ndipo makalasi a sukulu, maholo ndi mashedi a malata adadzaza.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 17 ndi Akatolika ndipo 14 ndi a CCAP, koma oposa 26 adalembedwa m'gulu la mipingo ina ya Chikhristu, yochuluka kwambiri moti sakadaitchula umodziumodzi. Si kugawikana konse kumene kuli ndi chifukwa chomveka. Mipingo ina idabadwa pa mkangano wa chopereka kapena wa mpando, ndipo pali abusa amene amafinya chakhumi kwa mayi wogulitsa tomato pomulonjeza chuma chimene iwo okha ndiwo amachiona. Zokuzira mawu za usiku wonse zimasowetsa tulo mlonda amene wangoweruka ndi mwana amene mawa ali ndi mayeso. Zimenezi anthu a ku Ndirande amazidandaula poyera. Koma n'kulakwa kuona phokoso lokhalo osaona mayi wa Dorika amene akusambitsa nkhalamba yopanda mwana, kapena tchalitchi cha malata chimene chasonkhera fizi mwana wamasiye.

Pamaliro mpamene mbiri yonseyi imaonekera bwino. M'nyumba imodzi bambo akhoza kukhala wa CCAP, mayi Mkatolika, mwana wamkulu wa Living Waters, mlamu Msilamu. Mwambo amatsogolera ndi mpingo wa malemuyo, ndipo enawo amadziwa malo awo popanda wowauza. Usiku m'siwa amayi a Mvano akatopa, a Dorika amalandira nyimbo, kenako a ku mphakati, ndipo nyimbo zambiri amazidziwa onse. Kunja amuna akuwotha moto wa matayala ndi zikuni, mbale ya chipepeso ikuyenda, mlembi wa mfumu akulemba dzina ndi ndalama m'kope. Kukacha amayi ovala zoyera ndi zakuda amandanda mbali ziwiri za kanjira, nkhata za maluwa zili m'manja, bokosi n'kudutsa pakati pawo kukakwera lole. Maliro ambiri a ku Ndirande amatsikira ku manda a HHI, pafupi ndi tchalitchi cha njerwa chimene Scott ndi amuna a kwa Kapeni adamaliza mu 1891.