Kuchoka ku Nile kufika ku Kafue, kudzera ku London

Nyumba za ku Kafue Estates ndi buku lotchuka la Tayeb Salih ndi za msinkhu umodzi. Nyumbazi zinayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pansi pa kampani ya boma ya Indeco, kuti ogwira ntchito ku Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ku Kafue Textiles apeze pokhala. Fakitale ya feteleza inayamba kugwira ntchito mu 1970. Bukulo, limene ife timalidziwa kuti Season of Migration to the North, linatuluka m'Chiarabu mu 1966 m'magazini ya Hiwar ku Beirut, chaka chomwe University of Zambia inalandira ophunzira ake oyamba.

Kuti buku la ku Sudan lifike m'manja mwa owerenga a kuno, linazungulira kutali. Mu 1962 kampani ya Heinemann ku London inayambitsa mndandanda wa African Writers Series, Chinua Achebe ali mlangizi wake. Loyamba linali Things Fall Apart, ndipo lachinayi linali Zambia Shall Be Free la Kenneth Kaunda, dziko lisanalandire ufulu. Amene anapita ku sekondale m'zaka za m'ma 1970 amawakumbukira mabuku amenewa, ang'onoang'ono okwana m'thumba, nthano zake zili m'chikuto cha mtundu wa lalanje, mapepala atapindika m'makona chifukwa chobwerekana. Denys Johnson-Davies atalimasulira m'Chingerezi, buku la Salih linalowa mumndandandawu mu 1969. The Tongue of the Dumb la Dominic Mulaisho linatsatira mu 1971, kenako Midaq Alley la Naguib Mahfouz wa ku Egypt mu 1975, zaka 13 iye asanalandire mphotho ya Nobel.

Khartoum ndi Lusaka zili m'Africa momwemo, koma zinamvana kudzera kwa Mngelezi. Salih mwiniwake sakanadabwa nazo. Anabadwa mu 1929 kumpoto kwa Sudan, anagwira ntchito ku BBC, ndipo anamwalirira ku London mu 2009.

Nkhani ya m'bukuli ndi ya mnyamata amene wabwerera kumudzi kwawo m'mbali mwa Nile, atatha zaka zisanu ndi ziwiri akuphunzira ku England. Akupeza mlendo wofatsa, Mustafa Sa'eed, amene walima munda, wakwatira pamudzipo, koma sanena kumene anachokera. Kumbuyoku Mustafa anali katswiri wa zachuma ku London, wonyenga akazi achizungu, mpaka anapha mkazi wake Jean Morris n'kulowa m'ndende. Panyumba pake pali chipinda chokhoma chodzaza mabuku a Chingerezi, chokhala ndi malo osonkhapo moto ngati a ku Ulaya, pakati pa dziko lotentha chonchija.

Owerenga ambiri amathera pa Mustafa, ndipo pamenepo amaphonya. Mtima wa bukuli ndi Hosna, mkazi wamasiye wa Mustafa, amene abale akumukakamiza kukwatiwa ndi nkhalamba, Wad Rayyes. Hosna anachenjeza kuti akamukakamiza kudzagwa maliro. Wophunzira uja, amene anasiyiridwa ana a Mustafa kuti aziwayang'anira, anali ndi mpata womuteteza, koma anabwerera kuntchito yake ya boma ku Khartoum. Pobwera anapeza Hosna atapha mwamunayo n'kudzipha, mudzi wonse utatseka pakamwa. Kwa ife amene tikudziwa zolanda katundu wamasiye ndi zolowa chokolo, apa palibe chachilendo. Zambia inachita kukhazikitsa lamulo la Intestate Succession Act mu 1989 kuti amasiye asamatsale manja lende.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo mabuku ochokera kunja anayamba kuchepa m'masitolo. Makampani a Indeco nawo anafooka, ndipo Kafue Textiles inadzatsekedwa. Kwina mbiri ya bukuli inkangokula: mu 2001 bungwe la olemba ku Damascus linalitcha buku lankhani lofunika koposa la Chiarabu m'zaka za m'ma 1900.

Lero anthu okonda kuwerenga amakumana pa WhatsApp ndi pa Zoom, wina ali ku Estates, wina ku Johannesburg, wina ku Leeds. Bukuli ndi lalifupi, limatha pa sabata imodzi, ndipo gulu lotere likalisankha mkangano suchedwa, chifukwa ena mwa okambiranawo ndi omwe anapita kukaphunzira kunja osabwerako.