Ndagi za Ayuda za pa Gawo la Sabata

Ndagi imatheka pokhapokha wofunsa ndi wofunsidwa adziwa zinthu zofanana. Mwana wa kumudzi amamasula ndagi ya dzira chifukwa dziralo analiona, naligwira. Ayuda, ngakhale anabalalika m'maiko ambiri, nalankhula zinenero zosiyana, anali nacho chinthu chimodzi chimene onse analinkuchidziwa pa nthawi imodzi, ndicho gawo la Malembo la sabata limenelo.

Mabuku asanu a Mose, amene iwo amawatcha Tora, anagawidwa m'magawo 54, ndipo tsiku la Sabata liri lonse gawo limodzi limawerengedwa m'sunagoge; nthawi zina amaphatikiza magawo awiri kuti zonse zithe m'chaka chimodzi. Pa chikondwerero cha Simchat Torah amatsiriza Deuteronomo, nayambanso Genesis tsiku lomwelo. Mwambo umenewu unachokera kwa Ayuda a ku Babulo. A ku Palestina ankatha zaka zitatu kapena kupitirirapo, ndipo wapaulendo wina, Benjamin wa ku Tudela, pofika ku Cairo cha m'ma 1170, anapeza miyambo iwiriyi iri m'masunagoge awiri a mzinda umodzi. Wa chaka chimodzi ndiwo unapambana. Chiyambire pamenepo, atate a ku Baghdad ndi atate a ku Amsterdam ankatha kufunsa ana ao funso limodzi pa chakudya cha Sabata limodzi.

Chihebri chenichenicho chinathandiza masewerawa. Chilembo chiri chonse chiri ndi nambala yake: alef ndi 1, bet ndi 2, kufikira tav, 400. Tsono mau ali onse angathe kuwonkhetsedwa ngati samu, ndipo luso limeneli limatchedwa gematria. Pa Genesis 14:14 Abramu atuluka ndi anyamata 318 kukalanditsa Loti. Aphunzitsi a m'Talmud anawonkhetsa zilembo za dzina la Eliezere, kapolo wa Abramu, napeza 318, nati anapita naye ndi Eliezere yekha. Momwemonso mau a Yakobo ouza ana ake kuti atsikire ku Aigupto, redu, amapanga 210, ndipo Rashi anati izi ndizo zaka zimene Aisrayeli anakhala kumeneko.

Si onse anakondwera nazo. Abraham ibn Ezra, wa ku Spain, wa m'zaka za m'ma 1100, anali katswiri wa masamu ndiponso wolemba ndagi, komabe pa nkhani ya Eliezere anakana, nanena kuti Malembo salankhula mwa manambala, pakuti munthu wochenjera angathe kupotoza dzina liri lonse kuti liturutse chabwino kapena choipa monga afuna. Chenjezo lake linali loona. Samu yotere siitsimikiza kanthu. Phindu lake ndi lakuti mwana amene anawonkhetsa yekha saiwalanso nambalayo, kapena vesi limene anaipezamo.

Ndagi zabwino koposa ndizo zokakamiza munthu kutsegulanso buku. Imodzi yodziwika imafunsa kuti, kuyambira kubadwa kwa Mose kufikira kumapeto kwa Numeri, ndi gawo liti limene siritchula dzina lake? Yankho ndi Tetzaveh, kuyambira pa Eksodo 27:20 kufikira 30:10, gawo lonena za zobvala za ansembe. Jacob ben Asher wa ku Toledo, amene anamwalira cha m'ma 1340, anati ichi chinachitika chifukwa Mose anapempha kuti afafanizidwe m'buku la Mulungu ngati anthu ake sakhululukidwa. Wina angakane tanthauzolo, koma sangatsutse yankho asanawerenge mavesi onsewo limodzi limodzi, ndipo akatero wofunsa wapeza chimene analinkufuna.

Za zithunzi nkhani yake iri ndi njira yina. Mpukutu wa Tora ulibe chithunzi ndi chimodzi chomwe. Komatu m'mabuku a aneneri, amene chigawo chao chimawerengedwa gawo la sabata litatha, muli kale ndagi ya maso. Yeremiya aonetsedwa nthambi ya mtengo wa alimondi, m'Chihebri shaked, nauzidwa kuti Mulungu ali maso pa mau ake, m'Chihebri shoked. Chinthu choonekacho sichinena kanthu mwa icho chokha. Munthu ayenera kuyamba watchula dzina lake, ndipo khutu ndilo limasula. Wowerenga m'chinenero china saona msampha umenewu konse, chifukwa masewera a mau saoloka nao womasulira.

Pakati pa zaka za m'ma 1600 Ayuda a ku Italy, ndipo pambuyo pake a ku Holland, anayamba kusindikiza ndagi pa pepala limodzi, chithunzi pamwamba, ndakatulo pansi pake. Zambiri zinali za pa maukwati, si za gawo la sabata ai, ndipo womasula ankalandira mphoto. Zina zinkabisa yankho m'mau a Chitaliyana omveka ngati a Chihebri. Mwambowu unatha zaka ngati mazana awiri, nuiwalika, kufikira Dan Pagis anaufotokoza m'buku lake la 1986.

Amene anasandutsa funso la sabata ndi sabata kukhala sukulu yeniyeni anali mphunzitsi wamkazi, Nechama Leibowitz, wobadwira ku Riga mu 1905. Kuyambira 1942 kufikira 1971 ankatumiza pa positi mapepala a mafunso a pa gawo la sabata kwa ali yense wopempha. Mayankho ankabwerera kwa iye, nawachonga yekha, nawabwezanso kwa eni ake. Mafunso obvuta ankawaika chizindikiro, ndi obvutitsitsa zizindikiro ziwiri, kuti wophunzira asankhe pomuyenera. Mafunso akewo sanali ndagi zoseketsa, koma mtima wake unali womwewo: yankho sankalipereka pa pepalapo. Mu 1958 dziko la Israel linayambitsa mpikisano wa Baibulo wa maiko onse, ndipo dzina lake, Chidon, lichokera ku chidah, ndiko kunena ndagi.

Masiku ano mapepala a gawo la sabata amagawidwa m'masunagoge ambiri, ena amatumizidwa pa intaneti, ndipo kawirikawiri pamakhala ngodya ya ana. Chithunzi cha makwerero chimaloza loto la Yakobo. Tsango la mphesa lopachikidwa pa mtengo limaloza azondi aja. Buru wotsegula kamwa amaloza gawo la Balak. Popeza Myuda wosunga mwambo salemba pa Sabata, mapepalawa amasindikizidwa Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndipo ana amayankha ndi pakamwa pokha, mbale ziri pa tebulo.