Maphunziro apamwamba a uphungu wa ana asukulu

Lamulo la maphunziro la dziko la Zambia la chaka cha 2011 limati uphungu ndi chitsogozo pa nkhani ya ntchito ndi mbali ya chisamaliro cha wophunzira aliyense. Komabe m'masukulu akumidzi, monga athu a ku Kavalamanja ndi midzi ina ya m'boma la Luangwa, ntchitoyi imangopatsidwa kawirikawiri kwa mphunzitsi amene ali kale ndi kalasi yake, ndipo sanaiphunzire mwapadera. Tikulemba izi kuti aphunzitsi a m'mipingo yathu, pamodzi ndi makolo, adziwe kuti ntchitoyi ili ndi maphunziro ake mpaka digiri ya masitazi.

Digiri imeneyi ndi ya munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba, ndipo kawirikawiri imatenga zaka ziwiri. Poyamba wophunzira amaphunzira za kakulidwe ka maganizo a mwana, luso la kumvetsera, kuthandiza mwana kusankha maphunziro ndi ntchito, ndiponso malamulo osunga chinsinsi. Kenaka amachita kafukufuku n'kulemba buku lake. University of Zambia, yomwe idayamba kuphunzitsa mu 1966 ndipo ili pa mseu wa Great East ku Lusaka, imaphunzitsa za uphungu pa mlingo umenewu. Ilinso ndi nthambi ya maphunziro akutali, imene ndi yofunika kwa ife, pakuti ulendo wochoka ku Feira kudzera pa mlatho wa Luangwa si woyenda sabata iliyonse. Musanalipire ndalama ku koleji iliyonse, funsani ngati idalembetsedwa ndi Higher Education Authority. Satifiketi ya malo osalembetsedwa ikhoza kukanidwa pofuna ntchito.

Ena angafunse kuti, "Kodi abusa, akulu ampingo ndi alangizi sakwanira?" Iwo ali ndi ntchito yawo, ndipo sitikuipeputsa. Koma kulangiza kwathu nthawi zambiri ndi kuuza mwana zoyenera kuchita, pamene phungu wophunzitsidwa amayamba ndi kumva. Amadziwa kusiyanitsa mwana waulesi ndi mwana amene wasweka mtima. Amadziwanso polekezera chinsinsi: zomwe mwana wanena sazitengera kwa aphunzitsi anzake kapena ku msonkhano wa mpingo, koma ngati mwanayo akuchitidwa nkhanza kapena akufuna kudzivulaza, ayenera kudziwitsa oyenera. Apa ndi pamene ife a mtima wabwino timaphonya, ena poulula zonse, ena pobisa zosayenera kubisa.

Nkhani zake sitichita kuzifuna kutali. Mnyamata amasiya sukulu chifukwa nsomba za mu Zambezi zimapereka ndalama lero lomwe. Mtsikana amatenga pakati, ndipo banja silidziwa kuti kuyambira 1997 boma limamulola kubwerera kusukulu akabereka, kapenanso kuti kuyambira 2023 ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wamwambo. Ndipo akuluakulu amene adaona asilikali a Rhodesia akuphulitsa Kavalamanja pa 6 Malichi 1978 safunika kuuzidwa kuti mantha amakhalitsa m'munthu.

Mphunzitsi wofuna maphunzirowa ayambe wakambirana ndi mphunzitsi wamkulu ndi ofesi ya maphunziro ya m'boma za chilolezo. Pamene sukulu ilibe phungu, mwana kapena kholo angaimbe kwaulere pa nambala 116, yothandiza ana.