Kuchoka pa mwabvi kufika pa waya wa pamutu

Mtima wofuna kugwira wabodza sunayambe lero. Makolo athu ankamwetsa mwabvi: ukasanza ndiwe wosalakwa, ukafa ndiye kuti mlandu unali wako. Boma la atsamunda linauletsa mu 1911. Patangopita zaka 10, wapolisi wa ku Berkeley ku America, John Larson, anapanga makina oyeza kuthamanga kwa magazi ndi kapumidwe ka munthu pamene akufunsidwa mafunso. Mukaonetsetsa, ganizo lake ndi lomwe lija la mwabvi, lakuti pakamwa panganame koma thupi liulula. Vuto n'lakuti wosalakwa wamantha amakodwa, pomwe kathyali wozolowera amadutsa osaphethira.

Tsono akatswiri a ubongo anabwera ndi funso lina: bwanji osam'sintha munthuyo asananame n'komwe?

Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Zurich ku Switzerland anafalitsa zomwe anapeza. Ophunzira anapatsidwa dayisi kuti aponye ka 10 popanda wowaona, n'kunena okha zotsatira. Kupambana kulikonse kunali ndi ma franc 9, ndipo mwa masamu munthu amayenera kupambana theka la maulendowo. Ena anawaika tizipangizo pamutu topititsa magetsi ochepa zedi kutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanja. Enawo anawaikanso, koma magetsi anazimitsidwa msanga iwo osadziwa. A gulu lozimitsidwali anati apambana maulendo 68 pa 100 alionse. A gulu la magetsi anati 58. Bodza linatsika ndithu.

Komatu musathamangire kuwomba m'manja. Panali kagulu ka anthu onama mopanda manyazi, ongoti apambana maulendo onse 10, ndipo amenewa magetsi sanawasunthe. Amene anasintha ndi aja mtima unkawakoka uku ndi uku, ndalama mbali ino, chikumbumtima mbali inayo. Wouma mtima anapinda ma franc 90 ake n'kumapita, basi. Nanga si ameneyo amene apolisi amam'funa, eti?

Ndipo waya yemweyo amagwiranso ntchito chobwerera. Mu 2010, Ahmed Karim ndi anzake ku Tübingen ku Germany anauza anthu kuti abe ndalama mwasewero, kenako n'kuwapanikiza ndi mafunso. Atafooketsa ndi magetsi mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, anthuwo ankanama mofulumira, osadziimba mlandu kwenikweni, ndipo thukuta la m'manja linachepa. Thukuta limenelo ndi chimodzi mwa zinthu zomwe makina ogwirira abodza amayeza mpaka lero.